Rauta ya M'bokosi la Chitsulo

Panali mkazi wina, dzina lake Nelesi, amene ankakhala pamalo amodzi ndi mng'ono wake Tawina, kuseri kwa msika wa Lunzu. Malowo anawasiyira ndi mayi awo. Panali nyumba ziwiri zoyang'anizana. Pakati panali bwalo la dothi, chingwe choyanikapo zovala ndi mtengo wa mapeyala, ndipo kuzungulira konse kunali mpanda wa bango. Nyumba yaikulu inali ya Nelesi ndi mwamuna wake, woyendetsa malole, amene ankakhalitsa pamsewu. Yaing'ono inali ya Tawina ndi mwana wake woyamwa, Pempho.

Nelesi ndiye anali wa sukulu. Anamaliza sekondale bwinobwino, n'kuphunziranso ntchito za muofesi. Koma zaka zinkapita, ntchito osaoneka. Tawina sukulu anaisiyira panjira. Chimene ankadziwa n'kuphika makeke.

Awiriwa anali ndi mlongo wawo, Lameki, amene ankagwira ntchito ku Joni. Chaka china atabwera kudzadya Khirisimasi, anabweretsa kompyuta ya patebulo ndi kabokosi koyera ka nyanga ziwiri kotchedwa rauta. Mkati mwa rauta munali simu khadi. Ntchito yake inali kukoka netiweki kuchokera ku nsanja ya paphiri n'kuigawira kompyuta ndi mafoni popanda waya. Malo awowo anali m'chigwa, moti munthu ankatha kuyimba foni, koma intaneti inkagwira pokhapokha akakwera kumsewu.

Lameki anayendayenda ndi rautayo m'nyumba zonse ziwiri, akuiyesa apa, akuiyesa apo. Paliponse kagetsi kake kankayaka kofiira. Kanadzayaka kobiriwira pamalo amodzi okha: pazenera la pabalaza pa Nelesi, loyang'ana pabwalo. Ukaima pamenepo, nsanja ija inkaonekera pamwamba pa denga la Tawina.

"Apa ndiye pakwawo," anatero Lameki. "Musaisunthe. Kompyutayi ndi yanu, achemwali, mufunirepo ntchito. Koma kabokosika n'ka nonse awiri. Bandulo ndizilipira ine."

Anakokera tebulo la kompyuta pafupi ndi zeneralo, nabaya kumbuyo kwake kachipangizo kolandirira netiweki, kakang'ono ngati chala. Atatha tchuthi anabwerera ku Joni.

Poyamba zinthu zinali bwino. Nelesi ankakhala pakompyuta m'mawa uliwonse, akutumiza mapepala ake kumabungwe ndi kumakampani. Tawina ankajambula makeke ake pafoni n'kuwaonetsa anthu. Posakhalitsa foni ya Tawina inayamba kulira kawirikawiri. Kanali kaphokoso kakang'ono, ting', ndipo kankadutsa pabwalo paja n'kulowera pazenera la Nelesi. Ting', wina akufuna keke ya ukwati. Ting', wina ya tsiku lobadwa. Magalimoto anayamba kuima pageti. Azimayi ovala bwino ankalowa pabwalo, n'kumufunsa Nelesi kuti, "Pepani mayi, kwa a makeke ndi kuti?"

Nelesi ankawalozera ndi chibwano. Kompyuta yake inalibe kaphokoso kalikonse.

Tawina sanasinthe. Akacheka m'mbali mwa keke kuti ikhale yosalala, ankasankha zidutswa zofewa, zopserera n'kudzisiyira yekha, n'kuzipititsa kwa mkulu wake pa mbale yovindikira. Nelesi ankalandira, koma mumtima ankati, "Wandibweretsera zotsala za eni ake." Mvula ikamabwera, Tawina ankaanula zovala za nyumba zonse ziwiri, za Nelesi n'kuzipinda bwino, n'kuzisiya pakhonde. Nelesi ankati, "Akufuna anthu aone kuti ine ndimangokhala."

Lamulungu Lameki ankawaimbira pa vidiyo, onse atakhala pabalaza. Nkhope yake ikangoonekera ankafuula kuti, "Ali kuti bwana wa makeke? Tawina, ndamva kuti masiku ano pofuna kukuona timayamba tapempha kaye!" Ankaseka onse. Kenako mawu ake ankatsika. "Nanga achemwali, za ntchito? Pitirizani basi, zichitika."

Kutsika kwa mawuko ndiko kunkamupweteka Nelesi koposa. Anayamba kukumbukira tsiku lija Lameki ankayendayenda ndi rauta. Anadzifunsa kuti, mwa mazenera onse a m'nyumba muno, anasankhiranji loyang'ana kwa Tawina? Anaiwala za kagetsi kobiriwira. Anangokumbukira kumene zenera linayang'ana.

Masana ena tsamba lina linachedwa kutseguka pakompyuta. Nthawi yomweyo Tawina anali pakhonde pake akuseka ndi kasitomala pa vidiyo. Nelesi anayang'ana kompyuta, nayang'ana mng'ono wake, n'kuona ngati wazindikira. Anati zili ngati mpopi: wina akatsegula kwambiri uko, kuno madzi amangodontha. "Akumwa yonse," anatero. "Kabokosi kali m'nyumba mwanga, magetsi ndi anga, koma wonenepa nako ndi iye."

Tsiku lina magetsi anazima chakum'mawa. Mwamuna wa Nelesi anali atanyamuka mbandakucha ndi lole, ulendo wa ku Lilongwe. Tawina anali atapita kukapereka keke. Pabwalo panali zii. Nelesi anazula rauta pazenera paja n'kupita nayo kuchipinda chogona.

Mukudziwa nonse kuti kuchipinda kwa anthu a pabanja sikulowa munthu wamba. Mlendo salowako. Mbale wako, ngakhale wobadwa naye mimba imodzi, amaima pakatani n'kuitana. Nelesi anadziwa kuti chimene chalowa m'menemo chatha kuoneka.

Kumiyendo kwa bedi kunali bokosi la chitsulo limene ankapita nalo kusukulu yogonera konko. Dzina lake linali likuonekabe pachivindikiro, lolembedwa ndi penti yoyera. M'menemo ankasungamo masetifiketi ake ndi mabulangeti a alendo. Anaika rauta pakati pa mabulangetiwo, natulutsa waya wake pakona n'kuubaya pasoketi ya kukhoma. Anatseka chivindikiro.

"Muno sizitulukanso," anatero. Mtima wake unakhala pansi ngati wa munthu amene wasunga ufa poti makoswe sangafike.

Tawina atabwerera anaona kuti pazenera palibe kanthu.

"Achemwali, kabokosi kaja kapita kuti?"

"Kapsa," anayankha Nelesi osatembenuka. "Magetsiwa akhala akuphethiraphethira kuyambira usiku. Alamu ako apita nako ku Lilongwe, akakonzetsa."

"Ayi zachisoni. Ndiye ntchito zanu zija mupanga bwanji?"

"Za ine usadandaule. Dandaula za makeke ako."

Magetsi anabwera madzulo. Nelesi anadikira kuti Tawina alowe m'nyumba mwake, natseka katani, n'kuyatsa kompyuta. Pakona pa sikirini, pamene pankaoneka timizere tokhota tosonyeza mphamvu ya netiweki, panalibe kamzere ngakhale kamodzi. Anatsegula tsamba. Linamuuza kuti palibe intaneti.

Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Chimodzimodzi. Anazula kachipangizo ka kumbuyo kaja, anakapemerera, nakabaya pabowo lina. Chimodzimodzi. Anapita kuchipinda, natukula chivindikiro pang'ono. Magetsi a rauta ankayaka pakati pa mabulangeti. Sanasamale za mtundu wake. Anati, "Iwe uli bwino," n'kutsekanso.

M'mawa mwake dzina la netiweki yawo linaonekera pang'ono ndi kamzere kamodzi. Anadina msanga. Kompyuta inafunsa pasiwedi. Analemba mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Kanthu kozungulira kanazungulira, kanazungulira, kenako dzina lija linasowa. Anasuntha tebulo. Anapukuta fumbi kumbuyo konse. Anafunsa Lameki pa uthenga ngati bandulo yatha, iye n'kuyankha kuti ilipo yambiri. Nelesi anayamba kuganiza kuti mwina magetsi aja anawonongadi kenakake m'kompyutamo, bodza lake lija n'kusanduka zoona. Anaganizanso kuti mwina Tawina pali chimene anachita pafoni yake. Anakayikira magetsi, waya, kachipangizo, mlongo wake ndi mng'ono wake. Bokosi lokha ndilo sanalikayikire.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamutonthoza. Kaphokoso kaja kanali katasiya. Tsopano Tawina ankabereka Pempho n'kukwera chitunda mpaka kumsewu kuti akawerenge mauthenga, m'mawa ndi madzulo. Ena ankawapeza mochedwa. Keke ina ya ukwati inapita kwa wophika wina. Magalimoto anachepa pageti. Nelesi ankayang'ana pazenera lopanda kanthu lija, kompyuta yake ili yakufa pambali pake, n'kumamva kukoma.

Ndiye foni yake yaing'ono ya mabatani inalira. Anali mayi wina wochokera ku bungwe la zaulimi limene Nelesi anatumizako mapepala kalekale. Anati amusankha kuti ayesedwe pa ntchito ya ukalaliki. Mabwana anali kutali, choncho mafunso adzamufunsa pa vidiyo, pakompyuta, Lachinayi m'mawa. Anamuuza nthawi yake ndi manambala olowera. "Musadzachedwe, mayi," anatero. "Oyesedwa ndi ambiri."

Kuyambira pamene anamaliza sukulu, aka kanali koyamba kuti aitanidwe.

Nelesi anatuluka n'kukamuuza Tawina, osati pofuna kugawana naye chimwemwe, koma pofuna kuona nkhope yake ikugwa. Tawina anataya chikombe chimene anali nacho m'manja, naimba nthungululu, navina pabwalo mwana ali kumsana. Nelesi anafufuza nsanje pankhope ya mng'ono wakeyo, koma sanaipeze. Zinamukwiyitsa.

Kenako Tawina anaima. "Koma achemwali, kabokosi kaja? Alamu abwera liti?"

"Ndithana nazo ndekha."

"Tengani foni yanga mukaimire kumsewu."

"Ndikayankhe mafunso a mabwana pamsewu, maminibasi akuimba mahutala? Pafoni yopaka shuga? Ndati ndithana nazo."

Lachitatu masana Tawina anabwera ndi bambo wina wachikulire, a Kachingwe, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta mumsika. Anati mwina iwo angadziwe njira ina, kapena angabwereke kabokosi kwa wina. Nelesi sakanatha kubweza mlendo pakhomo. Anawalowetsa. Tawina anaima pachitseko, Pempho ali kumsana.

A Kachingwe anavula chipewa n'kukhala pakompyuta. Sanafulumire. Anaona ngati kachipangizo kaja kakugwira ntchito. Kankagwira. Anaona zina mkatimo, akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Kenako anatsamira kutsogolo.

"Mayi, netiweki iyi yolembedwa kuti Lameki ndi ya ndani?"

"Ndi yathu," anayankha Tawina ali pachitseko. "Lameki ndi achimwene."

"Ee. Ndiye mwati rauta ili kuti?"

"Ku Lilongwe," anatero Nelesi.

"Ku Lilongwe." A Kachingwe anakanda ndevu. "Ndiye ndi yamphamvu ndithu. Ikumveka mpaka ku Lunzu."

Anatulutsa foni yawo n'kuimirira. Anayenda pang'onopang'ono, maso ali pafoni. Atalowera kukhitchini, dzina lija linasowa. Atabwerera pabalaza linaonekanso. Analowa mukanjira kopita kuzipinda. Kamzere kamodzi kanakhazikika. Anapita patsogolo, kachiwiri kanayamba kuphethira. Anapezeka aima pakatani ya kuchipinda kwa Nelesi, nsonga za nsapato zawo zitatsala pang'ono kuikhudza.

Kumsana kwa mayi ake, Pempho ankayamwa chala.

A Kachingwe anayang'ana katani ija, n'kubwerera m'mbuyo. "Apa ndiye malire anga, mayi," anatero motsitsa mawu.

Makutu a Nelesi ankatentha.

"Kompyuta yanu ilibe vuto," anapitiriza, akulankhula ngati akuuza khoma. "Ndingonena za ma rauta onse, osati yanuyo ayi. Rauta ikatsekeredwa, makamaka m'chitsulo, imakhala ngati munthu amene akufuula ali mumgolo. Samveka, nayenso samva. Ndipo kuno kuchigwa imafunika iziona nsanja. Ikadzabwera kuchokera ku Lilongweko, mudzaibwezere pamene inali."

"Ndanena kuti ili ku Lilongwe."

"Mwanena, mayi."

Anavala chipewa. Podutsa pachitseko anamuuza Tawina kuti, "Mafoniwa nthawi zina amanama, mwana wanga. Yangayi yakalamba." Tawina anagwedeza mutu, maso ali pansi, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Atabwerera sanafunse kanthu. Analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko modekha.

Tsopano Nelesi anadziwa kuti vuto ndi bokosi. Koma za zenera sanakhulupirire. Anati mdalayo wauzidwa ndi Tawina zoti anene. Anakonza zoti kukangoda atsegule chivindikiro, rauta ikhale pabedi, katani ili chitsekere. Kompyuta idzagwira, ndipo wa kutsidya kwa bwalo sadzapeza kanthu.

Koma dzuwa lisanalowe magetsi anazimanso.

Lachinayi kunacha opanda magetsi. Nelesi atatsegula chitseko anapeza bulauzi yake yoyera itapachikidwa pamsomali wa pakhonde. Anali ataisiya pachingwe dzulo lake. Tsopano inali yosita bwino, ikumvekabe kafungo ka simbi ya makala. Pansi pake panali mbale yovindikira.

Tawina anatuluka m'nyumba mwake atabereka mwana, dengu lili m'manja. Anaima pakati pa bwalo n'kulankhula mokweza, kuposa mmene ankalankhulira masiku onse.

"Achemwali, ine ndapita kumsika! Ndikachedwa, mwina mpaka masana. Geti ndikutseka. Pano mutsala nokha."

Nelesi anamuyang'ana kudzera pampata wa katani mpaka geti litatsekeka. Anati mumtima, "Akupita kukandinena."

Anasamba, navala bulauzi ija, n'kukhala pampando akuyang'ana babu la kudenga. Dzuwa linkakwera. Nthawi ija itayandikira, babu linaphethira n'kuyaka.

Anathamangira kuchipinda n'kutsegula bokosi. Rauta inali itazama m'mabulangeti. Anaiika pabedi. Magetsi ake anayamba kuyaka limodzilimodzi, mosafulumira, monga imachitira ikangoyatsidwa. Anathamangira pabalaza n'kuyatsa kompyuta. Timizere tonse tinali titadzaza pakona pa sikirini. Anaseka yekha. Anatsegula tsamba lolowera.

Palibe intaneti.

Kompyuta inali itaipeza rauta, koma rauta inali isanaipeze nsanja. Kagetsi kaja kanali kofiira.

Anaizula n'kuikweza pamwamba pa wadiropu. Anadikira kuti iyake. Kofiira. Anapita nayo pazenera la kuchipinda, loyang'ana kuchimbudzi. Anadikira. Kofiira. Anatenga waya wautali wa wailesi n'kupita nayo kukhitchini, pamwamba pa kabati. Paliponse pamene ankaisunthira, inkayenera kuzima n'kuyambanso, ndipo inkatenga nthawi yake ngati nkhalamba yodzuka pamphasa.

Foni yaing'ono inalira.

"Mayi Nelesi, mabwana alowa. Tikukudikirani."

"Ndikulowa pompano, mayi. Pompano."

Anabwerera pabalaza rauta ili m'manja. Zenera lija linali patsogolo pake. Patsinde pake, m'fumbi, pankaonekabe malo oyera amene rauta inkakhala. Kupyola pamenepo kunali denga la Tawina, ndipo pamwamba pa dengalo, nsanja. Akanangotambasula dzanja.

Koma anaona m'maganizo mwake Tawina akulowa pageti n'kukaona kabokosi kochokera ku Lilongwe kali pamalo pake. Anamva kale kaphokoso kaja kakuyambiranso. Anaona magalimoto, ndi azimayi ofunsa kwa a makeke. Dzanja lake linabwerera.

"Payenera kukhala pena," anatero.

Anayesa pakona, kuseri kwa sofa. Anayesa pamwamba pa chitseko. Anakwera pampando n'kuinyamula m'mwamba, pafupi ndi malata, thukuta likutsikira m'bulauzi yosita ija. Kagetsi kanasanduka kachikasu. Kanabwerera kofiira.

Foni inaliranso. Sanayankhe, chifukwa manja onse anali m'mwamba. Inalira mpaka inasiya.

Pamenepo ndi pamene anatsika. Anaika rauta pazenera, pamalo oyera aja. Inakwanira ndendende. Anadikira. Kagetsi kanayaka kobiriwira.

Analemba manambala olowera. Tsamba linatseguka msangamsanga, ngati silinavutepo. Linamuuza kuti msonkhano watha.

Anaimba foni. Mayi uja anayankha mwaulemu. "Pepani kwambiri, mayi. Anakudikirani, ndipo anawonjezerapo nthawi chifukwa mapepala anu anawakonda. Koma apita kwa ena. Sindingathe kuchitapo kanthu."

Nelesi anakhala pansi. Sanalire. Anangoyang'ana kagetsi kobiriwira kaja. Panalibe mphepo, ndipo pabwalo ponse panali chete.

Kenako anamva. Ting'.

Anadzutsa mutu. Ting'. Ting', ting', ting'. Kaphokosoko sikankachokera m'nyumba ya Tawina. Kankachokera kuseri kwa mpanda, pafupi ndi geti.

Anatuluka opanda nsapato, nayenda mpaka pampanda, n'kusuzumira pakati pa bango. Tawina anali atakhala pa njerwa, padzuwa, msana atatsamira mpanda. Pempho anali pamiyendo pake, atamufunditsa chitenje kumutu. Dengu linali pambali, lopanda kanthu. Mauthenga amene anaunjikana ankalowa onse nthawi imodzi, ndipo Tawina anali kukanikiza foni pantchafu ndi manja awiri kuti isamveke.

Nelesi anatsegula geti.

"Kumsika kuja ndi kuno?"

Tawina anadzidzimuka. "Ndimaopa kuti wina angagogode muli pakati poyankha mafunso. Ndabweza wogulitsa makala, ndi ana a kwa a Kaliwo, oyandikana nafe aja."

"Wakhala pano chichokere?"

"Si nthawi yaitali."

"Unkadziwa."

Tawina anakonza chitenje pamutu pa mwana, n'kukweza maso. "Zayenda bwanji, achemwali?"

"Ndachedwa."

Nelesi ananena mawuwo akuyang'anitsitsa nkhope ya mng'ono wake. Ankafunabe kupezapo kenakake, kamwemwe kobisika kapena diso lonena kuti mwaziona. Akanakapeza, bwenzi atapepukidwa. Koma misozi ya Tawina inatsika mpaka kudonthera pafoni ija.

"Bulauzi ija ndinasita bwinobwino," anatero Tawina akusisima. "Ndimati akakuonani angoti ndi omwewa."

Foni inaliranso kamodzi, ting', ndipo Tawina anaikanikizanso mwamantha.

"Isiye ilire," anatero Nelesi. Mawu ake anatuluka okhakhala. "Kabokosi kaja sikanapite ku Lilongwe."

"Ndamva, achemwali."

Nelesi anawerama n'kunyamula Pempho. Mutu wa mwanayo unali wotentha ndi dzuwa. Anamufungatira pa bulauzi yonyowa ija, n'kulowa naye pabwalo, kumthunzi wa mapeyala. Tawina anatola dengu lake n'kuwatsatira.

Ntchito ija inapita kwa wina. Rauta ili pazenera mpaka lero.

Inu amene mwamva fanizoli, zinthu zikasiya kuyenda pamoyo wanu mudzachita ngati Nelesi. Mudzazimitsa n'kuyatsanso. Mudzakayikira waya, magetsi ndi munthu wa kutsidya kwa bwalo. Musanafike kumeneko, yambani mwadzifunsa chimene munatsekera m'bokosi kuti mnzanu asachipeze. Zambiri zimene tinapatsidwa zili ngati rauta ija: zenera limene imalandirira ndi lomwelo limene imagawira, ndipo palibe malo ena m'nyumba monse amene ingatumikire inu nokha. Mukhoza kuwafunafuna malowo mpaka nthawi yanu kutha.

Ndipo munthu amene mtima wanu umawawa mukamva foni yake ikulira, mumuyang'anenso bwino. Mwina ndi iyeyo amene anakusitirani bulauzi. Mwina pano wakhala padzuwa kuseri kwa mpanda wanu, akulondera geti kuti inu mupambane. Musadikire kuti msonkhano uthe kuti mukasuzumire.